Ndani adzatilembera buku la dimba ndi mphika?

Mabuku ophunzitsa kulima ndiwo pakhomo ndi kuziphika sasowa m'dziko lino. Lowani m'sitolo ya mabuku mu Lusaka, kapena imani pamene anyamata amayala mabuku akale pakhonde m'tauni, mudzawapeza ndithu, ena okhuthala ngati Baibulo, a zithunzi zoti munthu n'kumeza malovu. Koma tsegulani limodzi, muwerenge masamba awiri atatu, kenaka mudzifunse ngati mai wa ku Mtendere amene ali ndi kamalo kuseri kwa nyumba, kapena mlimi wa dimba ku Katete, angalitsatire bukulo n'kudyapo kanthu. Ife tikuti ai. Ambiri mwa mabukuwo analembedwera anthu ena, nthaka ina ndi miphika ina, ndipo ngakhale wina atawaika m'Cinyanja liu ndi liu, vuto silingathe.

Titenge buku lochuka la John Seymour, The Complete Book of Self-Sufficiency, limene linatuluka ku Britain mu 1976. Ndi buku labwino, lolembedwa ndi munthu amene anagwiradi khasu, ndipo mwini wakeyo anakhalako m'dziko lino ali mnyamata m'zaka za m'ma 1930. Koma analembera anthu a kwao. Kumeneko amafesa mu Malici ndi Epulo pamene cisanu cikutha, amakolola mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo mdani wao wamkulu ndi kuzizira. Kuno mu Malici ndi Epulo mvula imakhala ikutsazika, mu Okutobala nthaka imakhala itauma gwa, ndipo nkhawa yathu ndi madzi. Mabuku a kumeneko amalangiza kuti ndiwo zibzalidwe kumwera kwa nyumba pakuti ndiko kumafika dzuwa. Kuno, m'miyezi ya Juni ndi Julai imene repu ndi kabici zimakula bwino, dzuwa limadzera ca kumpoto, ndipo kumwera kwa cipupa ndiko kumakhala mthunzi. Munthu wotsatira buku lotere mokhulupirika adzataya mbeu, madzi ndi thukuta, pomaliza n'kunena kuti nthaka ya pakhomo pake ndi yoipa.

Mabuku a zophika nawonso ndi cimodzimodzi. Amayamba ndi kukuuzani kuti mutenthetse uvuni kufika madigiri akuti, muyese ufa pa sikelo, musakanize ndi zinthu zimene dzina lake simunalimvepo pa Soweto Market. Mu 2024, madzi atacepa m'damu la Kariba, ngakhale a kumayadi amene ali ndi mastovu okongola anabwerera ku mbaula, pakuti magetsi anali kubwera maola ocepa cabe pa tsiku. Ndi buku liti pa mabuku amenewa limene linawauza kuti kayera akanyikidwa m'madzi usiku amapsa msanga ndipo malasha sakutha ambiri?

Sitikunyoza mabuku acilendo. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo zoona m'mabukumo muli nzeru zimene zimagwira nchito kulikonse: kupanga manyowa, kusinthasintha mbeu pa malo amodzi, kuphimba nthaka ndi udzu kuti isaume msanga. Cimene tikukana ndi cakuti dziko lonse la alimi lizidalira mabuku a eni ake, pamene buku lathulathu, la m'cinenero cimene amai amatsatsira malonda ndi kukalipira ana, n'lovuta kulipeza ngakhale uli ndi ndalama m'thumba.

Wina angati iyi ndi nkhani ya anthu okhuta, ofuna zowerenga pa Sondo masana. Si tero. Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapserera m'minda. Thumba la unga wa bulekifasiti la 25kg linapitirira K300 m'masitolo ambiri. Tonse tidziwa cimene cimacitika m'nyumba ndalama yonse ikathera ku unga: coyamba kucotsedwa ndi ndiwo. Nsima imatsala, koma kapenta amacepa, saladi amagulidwa ka supuni, ndipo ana amatowa m'madzi a mcere. Nyumba imene inali ndi mizere iwiri ya kalembula, kamunda ka nyemba, kapena mfutso wopacika kukhichini, inadya nsima yake ndi kanthu. Kusiyana kwa nyumba ziwirizi nthawi zambiri sikunali kwa ndalama. Kunali kwa kudziwa cobzala, nthawi yobzalira, ndi mosungira.

Ndipo njala imene timaiona pa cilala ili ndi mbale wake wosaoneka amene amakhala nafe ngakhale m'zaka za mvula yabwino. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa dziko lino anapeza mu 2007 kuti pa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 45 anali opinimbira. Mu 2018 ciwerengero cinatsika kufika pa 35. Tikuyamika kutsikako, komabe ndi mwana mmodzi pa atatu alionse. Ngakhale cigawo ca kum'mawa, kumene nkhokwe za cimanga ndi nshawa zimadzala, sicinapulumuke. Mwana sapinimbira cifukwa cosowa nsima cabe. Amapinimbira cifukwa m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira ali m'mimba kufikira zaka ziwiri, amamwa phala la madzimadzi lopanda nsinjiro, pamene nshawa zonse zapita kwa ogula ndipo maungu akuwolera m'munda.

Tsono vuto la zolembedwa zathu, zocepa zimene zilipo, ndi lakuti zinang'ambidwa pakati. Kapepala ka alangizi a zamalimidwe kamathera pa kukolola: matumba angati pa hekitala, mtengo wake bwanji. Cithunzi copacikidwa kukiliniki cimayambira pa mbale: nsima apa, ndiwo apa, cipatso apa. Pakati pa munda ndi mbale pali ulendo wautali, wa kuthyola, kusenda, kufutsa, kuyanika, kusinja ndi kutendera, ndipo ulendo umenewu ulibe mwini m'maofesi. A zamalimidwe amati ndi nkhani ya azaumoyo, azaumoyo amati ndi ya a zamalimidwe. Kung'ambika kumeneku tinakuphunzira kusukulu. Kucokera mu 1975, pamene a Kenneth Kaunda analamula kuti masukulu azikhala ndi minda yaoyao, ambiri a ife tinanyamulako khasu ndi ndowa m'mawa. Koma dimba la sukulu kawirikawiri linali malo a cilango kwa ocedwa, ndiwo zake zinali kugulitsidwa, ndipo m'kalasi ina atsikana anali kuphunzira kuphika masikono. Palibe amene anatiuza kuti dimba lija ndi mphika uja ndi phunziro limodzi.

Tisaiwale amene anayesako. Audrey Richards anakhala pakati pa Abemba n'kulemba zimene anali kulima ndi kudya mwezi ndi mwezi, m'buku la Land, Labour and Diet in Northern Rhodesia la mu 1939. Jessie Williamson anasonkhanitsa maina ndi nchito za zomera m'buku la Useful Plants of Nyasaland la mu 1955, ndipo maina ambiri a m'menemo ndi omwewo amene agogo athu a ku Chadiza ndi ku Vubwi amachula. Amai Sylvia Banda ndi amuna ao a Hector Banda analemba Zambian Cookbook, ndipo amaiwa aphunzitsa alimi ambiri kuyanika ndiwo zamasamba mwaukhondo. Bungwe la National Food and Nutrition Commission lilipo kuyambira mu 1967, ndipo mu 2021 dziko linatulutsa malangizo ake a kadyedwe koyenera. Ku Kasisi amaphunzitsa ulimi wosadalira feteleza ndi mankhwala ogula. Bungwe la COMACO lili ndi buku lake lochedwa Better Life Book limene magulu a alimi ake amawerengera pamodzi. Zonsezi ndi nchito zotamandika. Koma zina zili m'Cingerezi ca anthu ophunzira kwambiri, zina zili m'malaibulale a mayunivesiti, zina zimafika kwa okhawo amene ali m'gulu la bungwe. Mai wa ku Kanyama amene sali m'gulu lililonse angapite ku sitolo iti ndi ndalama yake kukagula?

Tidziwa yankho limene ambiri ali nalo pakamwa: agogo athu sanawerenge buku, koma palibe anawaposa kuphika delele. N'zoona. Koma agogowo anali ndi sukulu yao. Mtsikana anali kukula ali pa mtondo, kupita kudimba ndi amake, kuona ndi maso mmene cidulo cimacezedwera ndi mmene cikwatu cimamangidwira. Sukulu imeneyo yatsekedwa m'mabanja ambiri popanda wolengeza. Ana akulira m'tauni, ena kuboding'i, ena analeredwa ndi acibale makolo atamwalira m'zaka zija matenda a Edzi anatha anthu. Onani zimene zimacitika masiku ano pa cilanga mulilo, mwambo wa Abemba umene tonse m'tauni tautengera. Mbale zimakhala zambirimbiri, cikanda, lumanda, impwa, katapa, bowa wouma, koma kawirikawiri ophika ndi amai acikulire ocita kuitanidwa ndi kulipidwa, pamene mkwatibwi ndi anzake akujambula zithunzi. Pa kicheni pate mwanayo adzalandira mapoto a mitundu itatu ndi mbale zosawerengeka. Amai aja akadzapita, mapotowo adzaphika ciani?

Cinanso, pali zinthu zimene agogo sanakumane nazo, ndipo apa ndi pamene buku lingapulumutse moyo weniweni. Mu 2016 kunafika kambozi ka Tuta absoluta kamene kamaboola matimati, ndipo kumapeto kwa caka comweco kunafika mbozi zija zinagwira cimanga m'dziko lonse. Kucokera pamenepo kupopera mankhwala kwaculuka m'madimba. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira munthu asanathyole ndiwo zopoperedwa, koma zolembazo ndi zazing'ono ndipo zili m'Cingerezi. Amene sanaziwerenge amapopera Lacinai, Loweruka repu ili pamsika. Mu Ogasiti 2024 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti poizoni wa aflatoxin, amene amacokera ku cuku ca m'cimanga ndi nshawa zosauma bwino, anapezeka mu unga wina, agalu ambiri atafa. Nanga mai wosinja nshawa za phala la mwana, ndani anamuuza kuti zofota ndi zacuku azitaye, osati kuzisinja pamodzi ndi zabwino poopa kuononga? Ku Kabwe, mgodi unatsekedwa mu 1994 koma mtovu ukali m'nthaka ya makomboni monga Chowa, Kasanda ndi Makululu. Kuuza munthu wa kumeneko kuti "limani ndiwo pakhomo" popanda kumuuza za kubzala m'masaka a dothi locokera kwina ndi kutsuka bwino masamba, ndi kumupatsa malangizo atheka.

Ndiponso buku limene tikufuna lisakhale longoombera m'manja zonse zakale. Pena liyenera kutsutsana ndi agogo, mwaulemu. Soda kapena cidulo cimafewetsa masamba msanga ndipo delele popanda ico sakoma, koma cimaononga ena mwa mavitamini, makamaka masamba akabwata nthawi yaitali. Buku loona lidzanena kuti mu delele thirani pang'ono, koma bondwe ndi cibwabwa canthete sizifuna soda konse. Masamba oyanikidwa pa dzuwa lamphamvu, pansi pamene nkhuku zikupalasa, amataya mtundu ndi mphamvu. Oyanikidwa pa thandala, pa mthunzi wopita mphepo, amasunga zambiri. Kumbali ina lidzanena kuti agogo analondola pamene anati katapa asinjidwe ndi kuwiritsidwa mokwanira, ndi kuti cinangwa cowawa cinyikidwe masiku angapo, pakuti muli poizoni amene amacoka mwa njira imeneyo. Analondolanso potendera: nsinjiro zimaonjezera zomanga thupi, ndipo mafuta a m'nshawa amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba. Mtsikana wa lero akauzidwa cifukwa cake, adzasunga mwambowo. Akangouzidwa kuti ndi mwambo, adzausiya tsiku limene adzapeze ndalama ya soseji.

Kodi buku lotere lingaoneke bwanji? Ife tikuganiza kuti lisagawidwe pakati, mbali ya kulima ndi mbali ya kuphika. Litenge mbeu imodzi n'kuyenda nayo kucokera m'nthaka kufika pa mbale. Titenge dzungu, mbeu imene aliyense amaiona ngati wamba. Mutu wake uyambe mu Novembala, ndi nthanga ziwiri kapena zitatu pa phando la manyowa, pakati pa cimanga kapena m'mbali mwa mpanda. Unene kuti pakapita milungu ingapo munthu angayambe kuthyola cibwabwa, koma asamalize masamba onse pa mpheto imodzi ngati afuna maungu. Uonetse ndi cithunzi kusiyana kwa duwa lacimuna, la kamtengo kowonda, ndi lacikazi limene lili ndi kadzungu kunsi kwake, kuti wothyola ciluwe atenge acimuna n'kusiyako ena a njuci. Kenaka kusenda masamba, kuwadula, madzi ocepa, matimati, nsinjiro pamwamba, ndi mphindi zingati pa mbaula. Mu Malici mutuwo ufike pa kufutsa: kuwiritsa pang'ono, kuyanika, kukulunga m'masamba a msuku n'kupacika cikwatu pamalo ouma. Mu Epulo ndi Mei maungu okhwima, mosankhira oti asungidwe ndi mowaikira pa mthunzi kuti akhale miyezi. Dzungu lofiira m'kati lipotedwe m'phala la mwana wa miyezi 6. Nthanga zikazingidwe ndi mcere, zina zisungidwe za caka camawa. Ndipo mutuwo uthere mu Okutobala, mwezi umene wopanda dimba la kudambo amasowa tsamba lobiriwira, pamene cikwatu cija cimasulidwa n'kunyikidwa m'madzi.

Mbeu imodzi cabe yadyetsa banja miyezi khumi ndi iwiri. Citani cimodzimodzi ndi nyemba, zimene zimapereka masamba, zitheba ndi njere ndipo zimapirira dzuwa kuposa cimanga. Ndi mbatata, makamaka yofiira m'kati. Ndi nzama, nyamundolo, mapira ndi cinangwa. Cimanga cofiira cokhala ndi vitamini A cinatulutsidwa kuno mu 2012, koma ambiri akali kuciyang'ana ndi diso la cimanga cacikasu ca thandizo cimene tinadya pa njala ya 1992. Kabuku koonetsa phala, nsima ndi cimanga cowocha ca mbeu imeneyi kangacite zimene misonkhano yalephera.

Pa nkhani ya miyeso tili ndi phunziro lathu kale. Pamene boma linayambitsa pulogalamu ya Lima ca m'ma 1980, silinauze mlimi za makilogalamu pa hekitala. Linamupatsa munda wa lima imodzi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, cingwe cokhala ndi zizindikiro zobzalira, ndi kakapu koyesera feteleza. Pulogalamuyo inatha kale, koma liu lakuti lima likali pakamwa pa alimi mpaka lero, cifukwa linali muyeso umene munthu angauone ndi maso. Buku la dimba ndi mphika liyese ndi meda, ndi kapu ya tiyi, ndi cipande, ndi dzanja, ndi phazi. Linene kuti bedi la mapazi akuti lifuna ndowa zingati pa tsiku mu Juni ndi zingati mu Okutobala, pakuti mai wa m'komboni amagula madzi pa kiyosiki ndipo ayenera kudziwa ngati repu idzabweza ndalama yake, kapena ndi bwino abzale bondwe ndi kalembula zimene sizilira madzi kwambiri.

Maina nawonso afuna cisamaliro. Cimene mu Lusaka timati cibwabwa, kumudzi ena amati mnkhwani. Bondwe ndi bonongwe, kalembula ndi kholowa, katapa ndi cigwada, kanunkha ndi cisoso, kandolo ndi kacamba kapena mbatata, nsinjiro ndi nthwilo. Wolemba asasankhe dzina limodzi n'kunyoza enawo ngati olakwa. Alembe onse pansi pa cithunzi, kuti mwana wobadwira ku Chawama akapita kwa ambuye ake ku Petauke adziwe kuti akunena tsamba limodzi. Cithunzi comweco cidzathandiza amene kuwerenga kumawavuta.

Otsindikiza mabuku adzatiuza kuti anthu athu sawerenga, ndipo akawerenga sagula. Mau amenewa tawamva kwa zaka zambiri ndipo sitiwakhulupirira kwathunthu. Pitani kuchalichi ciliconse pa Sondo muwerenge Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo a Cinyanja amene ali m'manja mwa amai, ogulidwa ndi ndalama zao, okutidwa bwino ndi nsalu. Akuluakulu akumbukira mmene nyuzipepala ya Tsopano inali kuyendera dzanja ndi dzanja m'midzi mpaka kung'ambika, ndi mmene mabuku a nthano a NECZAM anali kubwerekedwera. Anthu amagula cimene ciwathandiza, ngati mtengo wake ndi wofikirika ndipo cili pamalo pamene iwo amafika. Buku la zikuto zolimba la m'sitolo ya ku Manda Hill silidzafika ku Nyimba. Koma kabuku ka masamba 40, ka mbeu ziwiri kapena zitatu, ka mtengo wolingana ndi paketi ya mbeu ya matimati, koikidwa pa kauntala ya wogulitsa mbeu ndi feteleza, kadzagulidwa ndi munthu yemweyo amene wabwera kudzagula mbeu. Kagulitsidwenso ku cionetsero ca zamalimidwe, ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, ndi ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, mwambo umene mutu wake weniweni ndi kulawa zakudya zatsopano za m'munda.

Tikuti kagulitsidwe, osati kugawidwa ulere, ndipo apa tidziwa kuti abale athu a m'mabungwe othandiza sadzakondwa nafe. Taona mabuku aulere okongola, osindikizidwa ndi ndalama za kunja, ogawidwa pa msonkhano wa masiku atatu kuhotela. Pulojekiti ikatha, bukunso latha. Palibe wolisindikizanso, ndipo makope otsala amathera m'makatoni kapena kukulungira vitumbuwa. Buku limene lili ndi mtengo limakhala ndi wolisamala: wogulitsa amaitanitsa ena akatha, wosindikiza amakonza zolakwa, wogula salisiya pa mvula. Ngati mabungwe afuna kuthandiza, alipire ojambula zithunzi ndi kusindikiza koyamba kuti mtengo utsike, aguleko makope a masukulu ndi makiliniki, kenaka alisiye bukulo liyende lokha pamsika.

Ena adzati zonse zili pa foni masiku ano. Zilipo zina, ndipo atsikana ambiri aphunzira kuphika cikanda poonera mavidiyo. Koma vidiyo ifuna mabando ndi batire, ndipo imaonetsa mphika wa tsiku limodzi, osati caka conse ca munda. Wailesi nayo yathandiza alimi kuyambira masiku a Radio Farm Forum m'zaka za m'ma 1960, ndipo mawailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata amamvedwa m'midzi yambiri. Koma mau a pa wailesi amapita ndi mphepo. Tsiku limene nsabwe zagwira repu, munthu afuna potsegula n'kuona kuti phulusa, sopo kapena masamba a fodya agwiritsidwe nchito motani ndipo adikire masiku angati. Wailesi iwerenge mutu umodzi pa mlungu, buku litsale m'nyumba.

Nanga alembe ndani? Apa ndi pamene tiyenera kusamala kwambiri, pakuti n'kosavuta kupatsa nchitoyi kwa katswiri wa mu ofesi kuti amasulire buku la Cingerezi pa milungu iwiri n'kulandira ndalama yake. Eni nzeruzi ali m'midzi ndi m'makomboni: amai a Cigwirizano, a Dorika, a magulu a ku Katolika, ogulitsa mfutso pamsika wa Kapata, madoda a madimba a m'madambo a Lundazi, ndi anthu a kucigwa ku Mambwe amene kalimidwe kao n'kosiyana ndi ka kumtunda. Aphunzitsi opuma pa nchito, amene Cinyanja cao n'comveka, akhale nao pansi n'kulemba. Mlangizi wa zamalimidwe aone za nyengo ndi tizilombo. Akatswiri a ku Msekera, kumene kunacokera mbeu za nshawa monga MGV4, aone za mitundu ya mbeu. Wa zakadyedwe aone za phala la ana. Ndipo cakudya ciliconse ciyesedwe pa mbaula ndi pa mafuwa cisanalowe m'buku. Amai opereka nzeruwo maina ao alembedwe pa mutu umene anathandiza, ndipo alandireko gawo la ndalama. Kwa nthawi yaitali akhala akufunsidwa mafunso ndi alendo a zolembera m'manja, n'kupatsidwa botolo la zakumwa, pamene dzina la pa cikuto ndi la wina.

Makhonsolo nawo anenepo maganizo ao momveka. Kwa zaka zambiri okhala m'matauni aona cimanga cao cikukhapidwa ndi anchito a khonsolo ponena kuti cimabisa udzudzu ndi akuba. Kaya mfundoyo ndi yoona kapena ai, munthu afunika kudziwa cimene aloledwa kubzala pa pulotu yake ndi m'mbali mwa mseu asanataye mbeu. Tsamba limodzi la kabukuko lingafotokoze zimenezi, pamodzi ndi cenjezo lakuti ndiwo zisathiriridwe ndi madzi a m'ngalande zonyansa.

Ku unduna wa zamalimidwe, ku unduna wa zaumoyo ndi ku Zambia Educational Publishing House kuli anthu odziwa nchito amene angayambe popanda kudikira msonkhano waukulu. Otsindikiza aokha nawonso ali ndi mpata, pakuti Cinyanja cimawerengedwa kucokera ku Lusaka kufika ku Chama, ndi kutsidya kwa malire ku Malawi ndi ku Tete. Cimene cikagwira m'Cinyanja cingalembedwenso m'Cibemba, m'Citonga, m'Silozi ndi zinenero zina, osati mwa kumasulira cabe koma mwa kufunsanso amai a kumeneko, pakuti wa ku Luapula ali ndi mvula yambiri ndi cinangwa, wa ku Gwembe ali ndi dzuwa ndi mapira.

Amene atenge nchitoyi ayang'ane kalendala ya mlimi, osati ya ofesi. Nazale za repu, kabici ndi anyezi za m'nyengo yozizira zimafesedwa mu Malici ndi Epulo, motero kabuku ka dimba kayenera kukhala pa kauntala ya wogulitsa mbeu mu Febuluwale. Ka mfutso kafike Malici asanathe, pamene cibwabwa ndi masamba a nyemba zimakhala zoculuka moti zambiri zimangokalamba m'munda. Ka dzungu, nyemba ndi nzama kafike mu Okutobala, anthu akali kukonza minda.